Dzina la Agogo Anu Lili m'Buku Liti?

Mau a Mulungu owerenga: Mateyo 1:1-17 ndi Ezara 2:59-63



Mwezi wa Novembala ukayandikira, m'maparishi mwathu timagawirana timapepala kuti aliyense alembe maina a abale ake amene anatisiya, kuti tiwapempherere pa Misa. Mukadzakhala pafupi ndi munthu amene akulemba, mudzaone mmene colembera cimayendera. Dzina la atate ndi la amai amalemba mosacedwa. La agogo amayamba waganiza pang'ono, nalemba. Akafika pa amene anabala agogowo, colembera cimangoima. Ambiri a ife timathera pomwepo, pa mibadwo itatu. Ngakhale pa agogo penipenipo, ena timangodziwa kuti anali aNaphiri kapena amake uje. Dzina lao leni-leni sitinalimvepo, popeza mwana wamwambo sachula dzina la mkulu.

Lero tikambirane za kumene maina otayikawo angapezeke. Nkhaniyi taiyamba cifukwa ca mauthenga awiri amene tinalandira kuno ku wailesi, ndipo eni ake sitiwachula. Woyamba unacokera kwa mnyamata ndi mtsikana amene anadziwana ku sukulu ku Lusaka, ndipo afuna kumanga ukwati woyera. Onse awiri ndi a Banda. Wina kwao ndi ca ku Chadiza, wina ca ku Katete. Amalume a mtsikana akana kwamtuwagalu, ati Banda ndi Banda ndi cibale. Waciwiri unacokera kwa bambo wina wobadwira ku Zimbabwe. Agogo ake anacoka kuno nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanayambe, kukafuna nchito, ndipo sanabwerenso. Cimene anasiyira adzukulu ndi ciwongo ca Phiri, dzina la ubatizo, ndi mau akuti kwao kunali ku Fort Jameson. Bamboyu afunsa kuti: kodi ine ndine wa mudzi uti?

Onse awiriwa tawauza cinthu cimodzi, kuti ayambe afika ku ofesi ya parishi. M'kabati ya abambo mfumu muli mabuku akulu-akulu a zikuto zolimba amene akhristu ambiri sanawaonepo. Mpingo sunayambe dzulo kusunga mabukuwa. Msonkhano waukulu wa ku Trent, m'caka ca 1563, unalamula kuti parishi iliyonse izilemba obatizidwa ndi okwatirana, ndipo mu 1614 anaonjezapo buku la akufa ndi buku la mabanja a m'parishi. Malamulo a Mpingo amene tikutsata lero, a mu 1983, akunenabe zomwezo pa nambala 535 ndi 877. Wobatiza ayenera kulemba mosacedwa dzina la wobatizidwa, makolo ake, atate kapena amai a ubatizo, malo ndi tsiku la ubatizo, ndiponso malo ndi tsiku limene anabadwa.

Pali cinthu cina cimene ambiri sadziwa. Mzere wanu wa m'buku la ubatizo sutsekedwa tsiku la ubatizolo. Kumapeto kwake amasiya malo. Mukalandira Ulimbitso amalembapo. Mukamanga ukwati, ngakhale mukamangire ku Kitwe kapena ku Bulawayo, wansembe wa kumeneko ayenera kutumiza mau ku parishi imene munabatizidwira, ndipo amalemba pa mzere wanu womwe uja kuti munakwatirana ndi uje, kwakuti, tsiku lakuti. N'cifukwa cake pokonzekera ukwati amakutumani kukatenga kalata yatsopano ya ubatizo kwanu, ngakhale muli ndi khadi lakale m'sutikesi. Si kukubvutitsani cabe ai. Afuna aone ngati malo aja alibe kale dzina la munthu wina. Tsono kwa munthu wofufuza makolo ake, kamalo kakang'onoko ndi cuma, cifukwa kamalumikiza buku la mishoni ina ndi la inzake, ngakhale za maiko awiri.

Taganizirani kuti Boma linacedwa kulemba anthu akuda kubadwa kwao. Azungu a Boma ankalemba amuna okhoma msonkho, mudzi ndi mudzi, ndi kuwapatsa citupa. Mwana wakhanda, mai, nkhalamba yosakhoma msonkho, analibe nao kanthu kweni-kweni. Mareji tinayamba kutenga titalandira ufulu, ndipo lamulo lakuti kubadwa kwa mwana aliyense m'Zambia kuzilembedwa linabwera mu 1973. Motero kwa anthu ambiri obadwa kale, makamaka amai, malo okha pa dziko lapansi pamene dzina lao linalembedwa ndi inki ndi m'buku la mishoni.

Koma buku lake liti? Apa ndi pamene ambiri amasokera. Munthu amapita ku parishi imene ili pafupi ndi mudzi wa makolo ake, nauzidwa kuti mabuku a pano ayambira m'zaka za m'ma 1960 kapena 1970, nabwerera wokhumudwa. Waiwala kuti parishi nayonso ili ndi amake. Kale mishoni imodzi inkayang'anira dera limene lero muli maparishi asanu kapena kuposa, ndipo wansembe ankayenda pa njinga masabata angapo, kubatiza m'midzi, nakalemba zonse m'buku atabwerera ku mishoni. Azungu a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, m'malire mweni-mweni mwa dziko lathu ndi Malawi, ndipo akatolika oyamba a dera la Mpezeni anabatizidwa ndi ansembe a kumeneko. Minga ndi Naviruli zinatsegulidwa m'zaka za m'ma 1920, Chassa m'ma 1930. Mpaka 1937 mishoni za kuno zinali pansi pa episkopi mmodzi ndi za ku Nyasaland. Caka cimeneco Fort Jameson inaima payokha, ndipo mu 1959 inakhala dayosizi, imene lero tikuicha Chipata. Conco funso loyamba kufunsa abambo mfumu kapena akatekisiti akale ndi lakuti: caka cakuti, mudzi wathu unkapemphera pansi pa mishoni iti?

Tisaiwalenso kuti makolo ambiri a ife akatolika sanali akatolika, ndipo ambiri a inu omvera ndinu a mipingo ina. Amishoni a Dutch Reformed, amene mpingo wao lero ndi Reformed Church in Zambia, anayamba kale ife tisanafike. Anatsegula Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, ndi ena pambuyo pake. A Anglican anali ku Msoro, kumene wansembe wacikuda Leonard Kamungu, Mcewa wocokera ku Nyasaland, anagwira nchito mpaka imfa yake mu 1913. Kumpoto, ca ku Lundazi ndi Chasefu, kunali amishoni a Livingstonia. Onsewa ankalemba obatizidwa ndi okwatirana. Ngati agogo anu ankaimba nyimbo za Cidachi popeta ufa, musataye nthawi m'kabati ya parishi. Pitani mwaulemu kwa abusa a mpingo umenewo. Sicinthu camanyazi kugogoda pa khomo la abale athu mwa Khristu.

Tsono tinene kuti mwalipeza bukulo. Musayembekeze kuti mudzangotsegula n'kuona dzina monga mulidziwira. Mabuku akale a Akatolika analembedwa m'Cilatini, ndipo olembawo ambiri anali Afalansa, Adachi a ku Holland ndi a ku Canada olankhula Cifalansa. Yohane wanu mudzam'peza ali Joannes, Petulo ali Petrus, Yakobe ali Jacobus, Katarina ali Catharina. Mau akuti filius ndiye kuti mwana wamwamuna wa uje, filia mwana wamkazi. Mukaona circa patsogolo pa caka, ndiye kuti wansembe anangoyerekeza poona msinkhu wa munthu, kapena pofunsa ngati anabadwa nkhondo ya Nsingo ya mu 1898 isanacitike kapena itapita. Mukaona in periculo mortis, munthuyo anabatizidwa ali pafupi kufa, kawiri-kawiri ndi mphunzitsi wa m'mudzi. Ndipo maina athu ankawalemba monga khutu lao linamvera. Phiri angathe kukhala Piri. Njobvu, Njovu ndi Ndhlovu ndi nyama imodzi-modzi m'zilankhulo zosiyana, ndipo banja limodzi lingapezeke ndi malembedwe onse atatu.

Bvuto lalikulu kuposa Cilatini ndi ife eni ake. Makolo athu sankakhala ndi dzina limodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Mwana ankapatsidwa dzina akatuluka m'cikuta. Mtsikana akabvinidwa, kapena mnyamata akalowa ku dambwe, ankalandira dzina lina, ndipo kum'chula la ubwana lija kunali cipongwe. Akabala mwana ankasanduka amake uje kapena atate ake a uje. Akalowa unyakwawa ankadya dzina la amene wam'lowa m'malo. Pobatizidwa, atatha zaka zinai za ukatekumeni monga ankacitira a White Fathers, ankalandira dzina la woyera mtima. Akapita ku Walale kapena ku Joni, mzungu wa pa famu kapena kapitao wa pa mgodi ankamupatsa lina losabvuta kuchula, ena nadzipatsa okha pothawa msonkho kapena cibalo. Munthu mmodzi, maina asanu kapena asanu ndi limodzi. Mwana wake popita ku sukulu, mphunzitsi akafunsa dzina la atate, ankachula limodzi mwa amenewa, ndipo lomwelo linasanduka dzina la banja lonse mpaka lero. N'cifukwa cake ana a mimba imodzi mungawapeze wina akulemba Phiri, wina akulemba dzina la ubwana la atate ao, wina dzina la ku mgodi.

Midzi nayonso siinakhale malo amodzi. Mudzi unkachedwa ndi dzina la nyakwawa, ndipo ukagawika pa mkangano, mphwake ankakamanga wake ndi dzina lake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu ambiri a kuno anasamutsidwa pa malo amene kampani ya North Charterland inatenga, nakaunjikidwa m'malo osungira anthu akuda, ndipo m'ma 1940 ena anasamutsidwanso kupita ku malo atsopano. Mudzi umene uli m'buku la 1925 mwina lero ndi munda wa fodya wa munthu wina, pongotsala mitengo ya mango ndi manda.

Poona zonsezi, ife tikuti musayambire ku buku. Yambirani pa mphasa. Safunsa anadya phula. Khalani pansi ndi nkhalamba zimene zatsala, makamaka azimai, popeza ndiwo amasunga za mimba ndi maliro. Musawafunse zaka, sadzakuuzani. Afunseni kuti woyamba kubadwa anali yani, wom'pondana naye yani, anayamwa bere la yani, nkhoswe ya ukwati wao inali yani, anaikidwa manda ati, wansembe kapena mphunzitsi wa nthawi imeneyo ankamucha dzina lanji. Lembani maina onse a munthu aliyense, ngakhale oseketsa. Mukatero pitani ku ofesi muli ndi dzina la munthu wapafupi amene mukum'dziwa bwino, monga amai anu, ndi nambala ya pa khadi lao la ubatizo ngati lilipo. Mzere wao udzakupatsani makolo ao ndi mudzi. Buku la maukwati lidzakupatsani makolo a mbali zonse ziwiri ndi mboni. Muzibwerera m'mbuyo mbadwo umodzi-umodzi, monga munthu wotsata mapazi a ng'ombe yosokera. Wolumpha mbadwo amagwira Petulo Phiri wa eni ake, popeza a Petulo Phiri m'buku limodzi angakwane minibasi. Ndipo muziyang'anitsitsa atate ndi amai a ubatizo. Pa mudzi pamene akhristu anali owerengeka, woimirira mwana nthawi zambiri anali mbale, ndipo dzina limodzi likamabwera-bwera pa ana onse a nyumba imodzi, pamenepo pali ulusi woti muukoke.

Tibwere tsopano kwa a Banda athu awiri aja. Kodi ciwongo cimodzi ndi magazi amodzi? Makolo amasimba kuti pa ulendo wao wakale Acewa anagona pa phiri lina. Amene anagona pamwamba anachedwa a Phiri, amene anawanda udzu m'tsinde nagonapo anachedwa a Banda. Kaya zinacitikadi motero, nthanoyi ikutiuza kuti maina awiriwa ndi a magulu akulu a mtundu wonse, ndipo papita zaka mazana angapo. A Phiri anali a ufumu, a Banda anali eni nthaka ndi osunga za mvula. Lero a Banda ali m'Zambia, m'Malawi, m'Mozambique ndi m'Zimbabwe, ocuruka osawerengeka. Malawi inalamulidwa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ife tinalamulidwa ndi a Rupiah Banda kuyambira 2008 mpaka 2011, koma sitinamvepo munthu akuti awiriwa anali a nyumba imodzi. Tinganene mongodutsa, kuti bambo wa ku Zimbabwe uja alimbe mtima, kuti a Rupiah Banda nawonso anabadwira ku Gwanda mu 1937, makolo ao atapita kukafuna nchito kumeneko.

Palinso cina cimene amalume aja ayenera kucilingalira. Pa mwambo wa Acewa ndi Ansenga, mwana ndi wa kwa amake. Mbumba imawerengedwa kutsata bere, ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo. Kalonga ankakhala Phiri cifukwa ca mai wake Nyangu, ngakhale kuti mkazi wake wamkulu, Mwali, ankacokera kwa a Banda. Koma Angoni amatsata atate, ndipo sukulu, citupa ndi reji zinatizoloweza tonse kulemba dzina la atate. Conco lero munthu angalembe Banda pa reji pamene pfuko la amake ndi Mbewe kapena Mwale. Zotsatira zake n'zodabwitsa. A Banda awiri angakhale opanda cibale ciliconse cimene munthu angaciloze, pamene Tembo ndi Sakala, amene palibe angawakaikire, ali ana a munthu ndi mng'ono wake, a bere limodzi, amene pa mwambo wathu ndi mlongo ndi mlongo wake weni-weni. M'matauni, momwe ana akukula osadziwa kwao, ngozi yeni-yeni ili pamenepa, pa maina osiyana obisa magazi amodzi.

Mpingo suyang'ana ciwongo. Umawerenga mibadwo. Lamulo la nambala 1091 likuletsa ukwati pakati pa kholo ndi mwana kapena mdzukulu mpaka kale-kale, ndiponso pakati pa mlongo ndi mlongo wake, ndipo pamenepa palibe angapereke cilolezo. Likuletsanso mpaka pa ana a munthu ndi mbale wake, kaya ndi mbale wamwamuna kapena wamkazi. Apa mwambo ndi Mpingo zimasiyana pang'ono, popeza makolo ankakonda ukwati wa pacisuweni, mwana wa amalume ndi mwana wa mlongo wao, kuti cuma ndi ana zisapite kutali. Kwa Mpingo asuweni otere ali m'kati mwa coletsa, ndipo sangakwatirane popanda cilolezo ca a Episkopi. Tsono kwa anyamata athu awiriwa nchito ndi yoonekeratu. Aliyense alembe makolo ake awiri, agogo ake anai, ndi makolo a agogowo asanu ndi atatu ngati angathe, mothandizidwa ndi akulu a kwao ndi mabuku a mishoni. Ngati palibe dzina lokumana, Mpingo ulibe coletsa. Koma sitikuwauza kuti akaponye pepalalo pamaso pa amalume. Amalume ndi nkhoswe, ndipo mantha ao ali ndi pocokera, cifukwa kale, pamene anthu ankakwatirana m'midzi yoyandikana, ciwongo cimodzi cinkatanthauzadi cibale nthawi zambiri. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi pamodzi ndi abambo mfumu, ayale mibadwoyo poyera, amalume aione ndi maso ao, ndipo ngati akudziwa cina cimene buku silinalembe acinene pomwepo.

Pano tikucenjezeni, abale. Buku silinyengerera munthu. Mungapite kukafuna ulemerero n'kukapeza misozi. Mungapeze kuti pa malo a dzina la atate a agogo anu sanalembepo kanthu. Mungapeze kuti agogo aamuna anali ndi akazi atatu, ndipo pobatizidwa anasunga mmodzi, ndipo agogo anu akazi sanali wosungidwayo. Mungapeze ana anai a nyumba imodzi obatizidwa ali pafupi kufa m'miyezi yowerengeka ya 1918 ndi 1919, pa mliri wa cimfine uja, ana amene palibe anakuuzanipo kuti anakhalako. Ndipo ambiri amene timadzitama kuti ndife Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, tikafufuza bwino tidzapeza kuti gogo wathu anali Mnsenga kapena Mcewa wogwidwa pa nkhondo, woleredwa pa khomo la amene anamugwira. Si cinsinsi. Cilankhulo cimene Angoni a Mpezeni alankhula lero cinacokera kwa amai Acinsenga amenewo. Ena anasunga ziwongo zao, ena anatenga za ambuye ao.

N'cifukwa cake tasankha kuti muwerenge mutu woyamba wa Mateyo, ndime zija zimene owerenga m'chalichi amaziopa cifukwa ca maina obvuta. Mateyo wayala mibadwo ya Ambuye Yesu m'magulu atatu a mibadwo 14, kuyambira pa Abrahamu. Mwa mwambo wa Ayuda akadangochula amuna okha-okha. Koma iye walowetsamo akazi anai asanafike pa Maria, ndipo taonani amene wasankha. Sanachule Sara kapena Rebeka. Wachula Tamara, amene anabala ana ndi apongozi ake. Wachula Rahabu, mkazi wadama wa ku Yeriko, ndi Rute, mlendo wa ku Mowabu amene anafika ku Betelehemu ali wamasiye wokunkha m'minda ya eni. Wacinai sanam'chule n'komwe dzina, wangoti mkazi wa Uriya, kuti aliyense akumbukire cimene mfumu Davide anacita. Munthu wolemba mbiri ya banja lake kuti akapambane nayo mlandu wa ufumu akadafafaniza onsewa. Mlaliki anawasiya poyera, ndipo Mwana wa Mulungu sanacite nao manyazi. Ngati mudzapeza Tamara kapena Rute m'buku la kwanu, mudzam'lembe pa kapepala ka Novembala pamodzi ndi ena onse.

Onaninso kuti ngakhale Mateyo sanalembe onse. Mukayerekeza ndi mabuku a Mafumu ndi a Mbiri mudzaona kuti pakati pa Yoramu ndi Uziya walumpha mafumu atatu, ndipo mndandanda wa Luka pa mutu 3 ukusiyana ndi wake m'malo ambiri. Mndandanda wa makolo, ngakhale wa m'Malembo Oyera, umalembedwa ndi colinga. Tikunena izi cifukwa ca anthu amene masiku ano amabwera ku ofesi ya parishi ali ndi mkangano wa munda kapena wa unyakwawa m'thumba, kufuna kuti buku la ubatizo liwagamulire. Buku lingacitire umboni kuti uje anabala uje. Silinena kuti munda wa kudambo ndi wa yani, ndipo silidziwa kuti mbumba inasankha yani. Paulo woyera anacenjeza Timoteo ndi Tito za anthu otaya nthawi ndi mibadwo yosatha imene imangobala mikangano. Ansembe ali ndi udindo wosunga cinsinsi ca mabukuwa, makamaka pa za anthu amene akali moyo. Akakana kukupatsani buku m'manja kuti muzitsegula nokha, kapena akakufunsani cimene mukufunira mbiri ya munthu amene si kholo lanu, musakwiye.

Nanga bambo wa ku Zimbabwe uja? Sitinamunamize kuti n'capafupi. Phiri wa ku Fort Jameson ali ngati kunena kuti nsomba ya m'Luangwa. Koma pali pogwira. Ngati agogo ake anakwatira mu mpingo kumeneko, buku la maukwati la parishi ya ku Zimbabwe liyenera kunena kumene anabatizidwira, ndipo mwina mudzi ndi mfumu. Citupa cakale, ngati cikali m'nyumba mwa wina, cimachula mudzi, mfumu ndi boma. Akapeza dzina la mfumu yokha, ulendo wafupika, cifukwa ku likulu la mfumu kuli nduna zodziwa midzi imene inasamuka ndi imene inasintha maina. Ku Lusaka kuli nyumba yosungira zakale za dziko, National Archives, kumene kuli mabuku amene mabwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu ndi midzi, ndipo a White Fathers amasunga zolemba zao zakale ku FENZA mumzinda womwewo. Cibale ndi pfupa, siciola. M'midzi yambiri ya kuno mukali nkhalamba zimene zimakumbukira kuti amalume ao ena anapita ku Walale osabwerako, ndipo a machona amenewo maina ao sanaiwalike. Zomwezi tikuuzanso abale a ku Mozambique amene anabadwira ku Ukwimi ndi m'midzi ya m'malire pa nthawi ya nkhondo ya kwao. Maubatizo ao ali m'mabuku a kuno.

Kuwerenga kwathu kwaciwiri, kwa Ezara, n'kwa iwo amene adzafufuza osapeza kanthu. Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babiloni, mabanja ena sanathe kuonetsa kuti makolo ao anali yani. Ena mwa iwo anali a banja la ansembe. Anafunafuna maina ao m'mabuku, sanawapeze, ndipo anaimitsidwa pa unsembe mpaka nkhani yao itaweruzidwa. Tangoganizani kuwawa kwake, kuyenda ulendo wonse uja kubwerera kwanu n'kukauzidwa kuti simukupezeka. Zoterezi zidzacitikira ena a inu. Ciswe cinadya masamba ena, denga linadontha, inki inafufuma, mphunzitsi anabatiza wodwala usiku naiwala kukanena ku mishoni. Ndiponso makolo athu ambiri anafa osabatizidwa, Uthenga usanawafike kapena ali pakati pa ukatekumeni. Koma taonani kuti anthu a pa Ezara aja, ngakhale sanapezeke m'buku la makolo, anawerengedwa pakati pa obwerera kwao, ndipo nkhani yao tikuiwerenga mpaka lero. Mu Luka 10:20 Ambuye anauza ophunzira ao za buku lina, la kumwamba, kuti ndilo ayenera kukondwera nalo. Limenelo ciswe sicifikako, ndipo wolembamo safunsa khadi. Tingathe kupempherera kholo limene tikungolidziwa kuti amake uje, kapena limene sitilidziwa konse.

Mau awiri kwa amene akugwira mabukuwa lero. Inu alembi a maparishi, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mzere umene mukulemba mothamanga Loweruka madzulo, wina adzaufuna patapita zaka 80. Lembani maina onse a amai a mwana, ndi ciwongo cao ca kwao, osangoti Mai Phiri cifukwa amuna ao ndi a Phiri. Lembani mudzi ndi mfumu, ngakhale banja likhale m'komboni ya m'tauni. Mabuku akale asakhale pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera, ndipo makhonsolo a maparishi aganizire zowajambula tsamba ndi tsamba, mwa cilolezo ca dayosizi, asanathe kufumbwa. Inunso makolo, mwana akabatizidwa, werengani khadi musanacoke pa ofesi. Ngati dzina lalakwika, nenani tsiku lomwelo.

Timapepala ta maina a akufa timagawidwa m'miphakati. Musafulumire kubweza. Pitani nako kumudzi, kapena imbani foni kwa azakhali ndi ambuya amene atsala, muwawerengere maina amene mwalemba, ndipo muwafunse kuti, kodi ndasiya yani?